Bwalo la Kuseri kwa Tchalitchi

Pa maparishi athu ambiri, munthu akazungulira kuseri kwa tchalitchi amapeza kabwalo kafumbi kamene udzu udaleka kumerapo kalekale. Loŵeruka masana, maphunziro a katekisimu akatha, ana amaika miyala iŵiri uku ndi ina iŵiri uko, wina nkutulutsa chikulunga chomangidwa ndi majumbo ndi timizere ta mphira, ndipo phokoso limayamba mpaka dzuŵa kuloŵa. Tonse tikulidziŵa phokoso limeneli. Ena mwa ife tidakulira m'menemo, ndipo zipsera za pa maondo athu zikadalipo ngati mboni.

Posachedwapa tidakhala nawo pa msonkhano wa bungwe loyendetsa parishi ina, kumene nkhani ya bwalo lotere idatenga maola aŵiri athunthu. Madandaulo adali omveka. Galasi la zenera la ku sakristiya lidasweka kachiŵiri. Maluŵa amene amayi amabzala kuti azikongoletsera guwa adapondedwapondedwa. Kwaya ikamaphunzira nyimbo, mau ake amamizidwa ndi kukuwa kwa ana. Tsono bambo wina wolemekezeka adapereka maganizo akuti pamalopo pamangidwe timasitolo ta lendi, kuti parishi izipeza ndalama mwezi ndi mwezi. Sadalankhule zopusa ai: denga la tchalitchicho likudontha, ndipo makatekisti sadalandire kanthu miyezi itatu. Nkhaniyo idaimikidwa kuti idzakambidwenso. Ife pobwerera tidaganiza kuti nkwabwino kufunsa mbiri ya Eklezia, pakuti mlandu umenewu si wachilendo. Udazengedwapo kale m'mizinda ina, ndipo m'mene udathera tikudziŵa.

Tiyambire ku Turin, kumpoto kwa dziko la Italy, m'chaka cha 1841. Mzinda umenewu unkakula msanga, ndipo anyamata ankatsika kuchokera ku midzi ya kumapiri kudzasenza njerwa ndi matope pa nyumba zimene zinkamangidwa. Ambiri adali amasiye, ogona pamene mdima waŵapeza. Lamulungu, ntchito itaima, ankangoyendayenda m'magulumagulu, kutchova juga ndi kumenyana. Giovanni Bosco, amene adalandira unsembe pa 5 Juni chaka chomwecho, adatengedwa ndi mlangizi wake, Bambo Giuseppe Cafasso, kukacheza ku ndende za mumzindamo. Kumeneko adapeza anyamata a zaka 12 kufikira 18, anzeru zao ndi mphamvu zao, atangokhala osachita kanthu, nsabwe zikuŵadya. Chimene chidamuŵaŵa kwambiri nchakuti ambiri ankatuluka ali ndi mtima wofuna kusintha, koma posakhalitsa ankabwereranso, chifukwa kunja kudalibe munthu woŵalandira. Iye mwini umasiye ankaudziŵa, popeza bambo wake adamwalira iye asanakwanitse zaka ziŵiri.

Pa 8 Disembala, tsiku la chaka cha Amayi Maria, akuvala zovala za Misa m'tchalitchi cha San Francesco d'Assisi, adamva wosamala sakristiya akukuntha mnyamata wina chifukwa adaloŵamo chonsecho kutumikira Misa sankadziŵa. Don Bosco adamuitanitsa mnyamatayo. Dzina lake adali Bartolomeo Garelli, wa zaka 16, wopanda bambo, wopanda mai, wosadziŵa kuŵerenga ngakhale kulemba. Ana auzimu a Don Bosco amasimba kuti mafunso onse ankayankhidwa ndi "ai", kufikira wansembeyo adafunsa ngati amatha kuimba likhweru. Apo mnyamata adaseka, ndipo phunziro loyamba la katekisimu lidayambira pa kuseka kumeneko. Lamulungu lotsatira adabwera ndi anzake.

Gulu lidakula, ndipo pamodzi ndi gululo padakulanso madandaulo. Apa mpamene mbiri imeneyi ikufanana ndi msonkhano wathu uja. Kwa nthaŵi ndithu Don Bosco adalibe malo akeake, ndipo kulikonse kumene ankapita ndi anyamata ake ankapirikitsidwa. Ku katchalitchi ka ku manda a San Pietro in Vincoli adangokhalako Lamulungu limodzi, chifukwa mai wosamala nyumba ya wansembe wa pamalopo sadathe kupirira phokoso. Ku zigayo za mumzinda, pafupi ndi mtsinje wa Dora, ogwira ntchito adakadandaula kwa akuluakulu a mzinda. Atabwereka dambo la abale a banja la Filippi, eni ake adamuuza kuti achoke chifukwa mapazi a anyamata adapha udzu mpaka mizu. Ansembe anzake ena ankati akuchotsa ana ku maparishi ao, ena nkumanong'onezana kuti mutu wake sukuyenda bwino. Pomaliza, pa Pasaka wa 1846, adaloŵa m'chishedi cha munthu wina dzina lake Pinardi, ku dera la Valdocco. Chidali chofupika denga, koma pambali pake padali malo oti ana nkuthamangapo, ndipo kwa iye chimenecho ndicho chidali chachikulu.

Ngakhale pamenepo mavuto sadathe. Mai wake weniweni, Margherita, amene adasiya mudzi wake m'mwezi wa Novembala chaka chomwecho kudzaphikira ndi kuchapira anyamata, adalima kadimba ka ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Tsiku lina anyamata akuseŵera nkhondo adaloŵa m'kadimbamo nkupondaponda zonse. Maiyo mtima udasweka, ndipo patapita nthaŵi adauza mwana wake kuti watopa, akufuna kubwerera kwao. Don Bosco sadanene kanthu, adangoloza mtanda umene udali pakhoma. Margherita adavalanso epuloni yake, nakhala pomwepo kufikira imfa yake mu 1856. Choncho amayi athu a maluŵa a paguwa asadzione ngati oyamba kulira.

Malo ameneŵa ankatchedwa oratorio, ndiye kuti malo opemphererapo, koma mlendo wofikapo ankayamba kumva phokoso asanamve pemphero. Tisalakwitse mbiri: anyamata a Don Bosco sankaseŵera mpira wamiyendo monga tikuudziŵira lero. Malamulo a mpira umenewu adalembedwa ku London mu 1863, ndipo maseŵerawo adafika ku Turin cha m'nthaŵi ya imfa ya Don Bosco, amene adamwalira pa 31 Januwale 1888. Iwo ankathamangitsana, kulumpha, kuponya timipira tamatabwa ndi kuyenda pa ndodo zazitali monga amayendera makanja. Chimene Don Bosco adasiyira om'tsatira ndi lamulo lakuti wolera ana azikhala pabwalo pomwepo, pakati pao, akuseŵera nawo, osati kuyang'anira ali pakhonde. Mu Meyi 1884, ali ku Roma, atakalamba ndi kudwala, adalembera a ku Valdocco kalata yodandaula kuti aphunzitsi adayamba kuyenda paokha nthaŵi yopuma, ana nkumaŵaopa. Mfundo ya kalatayo njakuti kukonda mwana mumtima sikukwanira ngati mwanayo sakudziŵa kuti akukondedwa, ndipo adzadziŵa pokhapokha ataona wamkulu akukonda zimene iye amakonda.

Lamulo limeneli lidaoloka nyanja mu 1875, pamene Don Bosco adatumiza amishoni ake oyamba ku Argentina, motsogozedwa ndi Bambo Giovanni Cagliero. Mzinda wa Buenos Aires unkadzaza ndi anthu osauka ochokera ku Italy ndi ku Spain, ndipo ansembe a chipani cha Salesian adakhazikika kwambiri ku dera lotchedwa Almagro. Nthaŵi yomweyo Angelezi ogwira ntchito za njanji ndi zamalonda adabweretsa mpira. Poyamba udali wa m'masukulu ndi m'makalabu ao, ndipo bungwe lolongosola ligi lidakhazikitsidwa mu 1893 ndi mphunzitsi wochokera ku Scotland, Alexander Watson Hutton. Koma ana a amphaŵi adasuzumira pampanda, naona, nakamanga mipira yao ya nsanza. Pofika 1900 mpira udali utatuluka m'sukulu za olemera nkuloŵa mumsewu.

Mumsewu umodzi wotere, pa mphambano ya misewu ya México ndi Treinta y Tres Orientales, pankaseŵera kagulu ka anyamata kodzitcha Los Forzosos de Almagro, ngati kunena kuti akadaulo amphamvu a ku Almagro. Mtsogoleri wao adali Federico Monti. Pamsewupo pankadutsa thiramu, kasitima kamagetsi koyenda pa njanji pakati pa nyumba za anthu. Nkhani imene imasimbidwa njakuti tsiku lina mnyamata wina, maso ali pa mpira, adatsala pang'ono kupondedwa ndi thiramuyo, ndipo amene adaona zimenezi adali Bambo Lorenzo Massa, wansembe wa zaka 25 woyang'anira oratorio ya San Antonio pa msewu womwewo. Wansembe wina akadaŵakalipira nkuŵalanda mpira, ndipo makolo akadamuyamikira. Massa adaŵaitana naŵauza kuti bwalo la kuseri kwa katchalitchi kake nlao, angolonjeza chinthu chimodzi: kubwera ku Misa Lamulungu. Anyamata adavomera, nayamba kusalaza bwalolo ndi manja ao.

Pa 1 Epulo 1908 adachita msonkhano wokhazikitsa timu. Dzina lija la Forzosos silidamkomere wansembe, ndipo anyamata atafuna kutcha timu dzina lake iye adakana ulemuwo. Adagwirizana kuti ikhale San Lorenzo, polemekeza Lorenzo Woyera ndiponso pokumbukira nkhondo ya ku San Lorenzo ya mu 1813, imene anthu a ku Argentina amanyadira. Monti adaumirira kuti dzina la kwao lisachoke, motero idakhala San Lorenzo de Almagro. Ife amene tidaphunzira mbiri ya amaritiri sitingalephere kuima pang'ono pa dzina limeneli. Lorenzo adali dikoni wa ku Roma, wosunga chuma cha Eklezia, amene adaphedwa m'chaka cha 258. Mwambo umasimba kuti wolamulira atamuuza kuti apereke chuma chonse, iye adasonkhanitsa osauka, opunduka ndi amasiye, nkuŵaonetsa kuti chuma chija ndi chimenechi. Ku msonkhano wathu uja nakonso funso lidali la chuma cha parishi, ndi kumene chili.

Majezi a timuyo adali a mizere yofiira ndi yobiriŵira ngati thambo, ndipo amati Massa adatengera mitundu ya chovala cha Amayi Maria Mthandizi wa Akristu. Otsutsana nawo adayamba kuŵatcha akhwangwala, poseka mikanjo yakuda ya ansembe, ndipo dzinalo lidakhazikika mpaka eni ake kulinyadira. Khwangwala wa kuno kwathu, ndi kolala yake yoyera ija, akadaliyenera dzinali koposa. Timuyo idaloŵa ligi yaikulu mu 1915, idatenga ukatswiri woyamba mu 1923, ndipo mu 2014 idapata chikho chachikulu cha makalabu a ku South America, Copa Libertadores. Koma zikho si zimene zatichititsa kulemba nkhaniyi. Tikufuna kufunsa chimene mwana amapeza pa bwalo lotere, ngakhale mwana amene sadzagwirapo chikho moyo wake wonse.

Mboni yathu ndi mwana wotero. Jorge Mario Bergoglio adabadwa pa 17 Disembala 1936, nabatizidwa pa Khirisimasi ya chaka chomwecho m'tchalitchi cha a Salesian ku Almagro. Bambo wake ankaseŵera basketball ku kalabu ya San Lorenzo, ndipo banja lonse linkapita kukaonera mpira. Timu imene idatenga ukatswiri mu 1946, ya René Pontoni ndi anzake, sadaiiŵale mpaka ukalamba. Iye mwini ankaseŵera ndi anzake pa kabwalo ka pafupi ndi kwao ku Flores, ndi mpira wansanza, chifukwa wachikopa udali wodula. Atakhala Papa Francisco ankaulula mosabisa kuti adali wouma miyendo, kotero kuti anzake kaŵirikaŵiri ankamuika pagolo. Ankanena kuti pagolopo mpamene adaphunzira kuti ngozi ingathe kubwerera mbali iliyonse, ndipo munthu ayenera kukhala wokonzeka. Taonani tsono: mwana wosadziŵa mpira sadathamangitsidwe. Adampezera malo, ndipo patapita zaka zoposa 70 ankakumbukirabe zimene adaphunzira pamalopo.

Tikamakamba za ubwino wa mpira kwa ana timafulumira kutchula thanzi, ndipo nzoona kuti mwana wothamanga amadya bwino ndi kugona bwino. Koma ana a m'midzi mwathu sasoŵa kuthamanga; amatunga madzi, amaŵeta mbuzi, amayenda mitunda kupita kusukulu. Chimene maphunziro a mpira amaonjezera pa chikulunga cha mumsewu ndi china. Mumsewu wamphamvu ndiye lamulo: mwini mpira amasankha timu, ndipo akayamba kugonja amanyamula mpira wake nkumapita. Pa bwalo pamene pali mphunzitsi, mwana amakumana ndi lamulo limene silikondera, mwina kwa nthaŵi yoyamba pa moyo wake. Wenzulo ikalira, mwana wa mfumu ndi mwana wa mlonda amaima onse. Amaphunzira kufika pa nthaŵi, kubwereza chinthu chimodzi kakhumi mpaka phazi lizoloŵere, kupatsira mnzake mpira pamene mtima ukufuna kugoletsa wekha, ndi kukhala panja kudikira mpata osalira. Amaphunziranso kugonja pamaso pa anthu, kugwirana chanza ndi amene amgonjetsa, nkubweranso Lachiŵiri. Akulu ambiri a zaka 50 phunziro lomalizali sadalimalize.

Palinso mwana amene m'kalasi amakhala kumbuyo, amene dzina lake limamveka pokhapokha poŵerenga olephera, ndipo kunyumba amangoitanidwa kuti iwe pofuna kumtuma. Mwana ameneyu akamva munthu wamkulu akumuitana ndi dzina lake kuchokera kumapeto kwa bwalo, nkumuuza kuti wachita bwino, amayenda mosiyana pobwerera kunyumba. Tidaziona ndi maso athu. Ndipo mphunzitsi wabwino amaona zimene wansembe paguwa sangaone: bala losapola pa mwendo, mwana amene akukomoka chifukwa sadadye chifikire dzulo, wina amene wajomba katatu motsatizana chifukwa kunyumba kwavuta. Pa Misa ya ana timaona mitu mazanamazana, yonse yosambitsidwa bwino. Pabwalo mwana amaoneka monga aliri.

Ena angaganize kuti zimenezi nzachibwana zosayenera tsamba lino. Ku seminale tidaŵerenga m'mene Thomas Woyera wa ku Aquino adaikira funso lonse pa nkhani ya maseŵera m'buku lake lalikulu la Summa Theologiae. Iye adaphunzitsa kuti monga thupi lotopa limafuna kupuma, mzimu wotopa umafuna kusangalala, ndipo munthu wosaseka konse, woletsa ena kusangalala, akulakwa. Adakumbutsa nthano yakale ya Yohane Mtumwi, amene atadzudzulidwa poseŵera ndi ophunzira ake adaonetsa kuti uta wokokedwa kosalekeza umathyoka. Mneneri Zekariya nayenso, pa mutu 8, pofotokoza Yerusalemu wokonzedwanso, sadatchule nyumba zazitali. Adatchula nkhalamba zokhala m'mabwalo ndi ndodo zao, ndi anyamata ndi atsikana akuseŵera m'misewu.

Komabe pangano la Bambo Massa lija tiyenera kuliyang'ana bwino. Kodi sikudali kugula ana ndi mpira kuti adze ku Misa? Funsoli nloyenera, ndipo sitikufuna kulithaŵa. Anyamata a ku Almagro adali ana a mabanja achikatolika, obatizidwa, amene umphaŵi ndi msewu zidaŵatalikitsa; Massa ankaŵabweza ku nyumba yao. Kwathu kuno bwalo la parishi limalandira ana a mipingo yonse, ndi ana a Chisilamu omwe, ndipo kuŵauza kuti wosabwera ku Misa asaseŵere kungakhale kuŵaphunzitsa chinyengo, kapena kuŵabwezera kumsewu kumene kuli thiramu ya masiku ano. Maganizo athu ngakuti mwana wachikatolika akumbutsidwe udindo wake, koma chipata chisatsekedwe kwa wina aliyense. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. A Salesian amene ali ku Area 23 ku Lilongwe, ndi ena ku Zambia, amatsekula mabwalo ao kwa achinyamata osafunsa kalata ya ubatizo.

Mbiri ili ndi mbali yake yamdima, ndipo tikabisa tidzakhala tikunyenga makolo. Ku Glasgow, mu Novembala 1887, Brother Walfrid wa chipani cha Marist, chomwechija chimene timachidziŵa ndi masukulu a ku Mtendere, Likuni ndi Zomba, adayambitsa timu ya Celtic kuti ndalama za pachipata zizidyetsa ana osauka a m'maparishi a kum'maŵa kwa mzindawo. Walfrid adasamutsidwira ku London, ndipo pofika 1897 timuyo idasanduka kampani yokhala ndi eni masheya. Chinthu choyambidwira ana chikhoza kukula mpaka ana osaonekanso. Masiku ano anyamata ambiri a mu Afrika amanyengedwa ndi anthu odzitcha maejenti, makolo nkugulitsa munda kapena ng'ombe kulipira ulendo wa ku Ulaya, mwana nkukasiyidwa mu mzinda wachilendo wopanda timu, wopanda tikiti yobwerera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe la FIFA lidaika lamulo mu 2001 loletsa kusamutsa oseŵera osakwana zaka 18 kupita ku dziko lina, kupatula pa zifukwa zoŵerengeka, ndipo mu 2014 ngakhale timu yotchuka ya Barcelona idalangidwa poliphwanya. Munthu akafika pakhomo panu kufuna ndalama kuti atengere mwana wa zaka 15 kunja, dziŵani kuti akuyamba ndi kuphwanya lamulo.

Choŵaŵa kuposa apa nchakuti ulamuliro umene mphunzitsi ali nawo pa mwana ungagwiritsidwe ntchito molakwa. Mu 2016, ku England, amuna akuluakulu amene kale adali oseŵera mpira adayamba kuulula poyera kuti ali ana adachitidwa zonyansa ndi aphunzitsi ao, ndipo adakhala chete zaka zambiri poopa kutaya malo m'timu. Ife a Eklezia tilibe mpata woloza chala, pakuti bala lomwelo lidapezeka m'nyumba mwathu. Nchifukwa chake bwalo la parishi liyenera kukhala poyera, akulu oyang'anira akhale aŵiri kapena kuposa, pa ulendo pakhale kholo, ndipo mwana akanena kanthu amvedwe. Don Bosco ankafuna kuti ana asakhale okha. Lero taphunzira mwa misozi kuti wamkulu nayenso asakhale yekha ndi mwana.

Nanga atsikana? Zekariya adaŵatchula pamodzi ndi anyamata, koma mbiri ya mpira idaŵaiŵala nthaŵi yaitali. Ku England bungwe la mpira lidaletsa akazi kuseŵera pa mabwalo a makalabu ake kuyambira 1921, ndipo chiletsocho chidakhala zaka 50. Kwathu chiletso sichidalembedwe, koma chimagwira ntchito: nthaŵi imene mlongo wake ali pabwalo, mtsikana ali pamtondo kapena ku chitsime. Tabitha ndi Temwa Chawinga, a ku Rumphi, adayamba ndi mpira wa mapulasitiki pakati pa anyamata. Tabitha adatsogola pa omwetsa zigoli mu ligi ya ku Italy m'nyengo ya 2022 mpaka 2023, ndipo Temwa adachita chimodzimodzi ku America mu 2024 ndi zigoli 20. Sitikunena kuti mtsikana aliyense adzafika kumeneko. Tikungofunsa kuti pa ndandanda wa bwalo la parishi, tsiku la atsikana ndi liti, ndipo ndani adzatunga madzi tsiku limenelo.

Tibwerere ku Buenos Aires, pakuti nkhani ya San Lorenzo ili ndi chigawo china chimene chikukhudza timasitolo tija. Mu 1916 timuyo idatsekula bwalo lake pa msewu wa Avenida La Plata, limene anthu adalitcha Gasómetro. Silidali la mpira wokha. Mabanja a m'deralo ankapitako ku maseŵera ena, ku zisangalalo ndi ku misonkhano, ndipo nkumene mwana uja Jorge ankakhala pambali pa bambo wake. Bambo Massa adamwalira mu 1949 bwalolo likadali lodzaza. Koma m'zaka za m'ma 1970 kalabu idaloŵa m'ngongole, ndipo boma la asilikali limene linkalamulira nthaŵiyo lidaifinya ponena kuti pamalopo padzadutsa misewu ndi kumangidwa nyumba. Mpira womaliza udaseŵeredwa pa 2 Disembala 1979. Misewu ija siidadutse. Pamalopo padamangidwa sitolo yaikulu ya Carrefour. Timu idatsika ligi mu 1981, ndipo idayendayenda pa mabwalo obwereka, monga Don Bosco kale, kufikira itamanga bwalo lina ku dera lina mu 1993.

Anthu sadaiŵale. Ana amene adakulira pa bwalo lakale, tsopano ali ndi imvi, adayamba kuguba m'misewu pamodzi ndi zidzukulu zao. Mu Novembala 2012 nyumba ya malamulo ya mzinda idavomereza lamulo lobwezera malowo, koma ndalama zolipira sitolo zidayenera kuchokera kwa anthu eni ake, ndipo ochemerera timu ankasonkha aliyense mtengo wa kachigawo ka dothi, mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Malowo adabwerera m'manja mwa kalabu pa 1 Julayi 2019, patapita zaka pafupifupi 40. Kuombola kudatenga mbadwo wathunthu ndi theka. Bergoglio, amene ali Arkiepiskopi adatsogolera Misa ya zaka 100 za timuyo mu 2008, adasunga khadi lake la umembala kufikira imfa yake pa 21 Epulo 2025.

Sitikunena kuti parishi yathu ija ili ngati boma la asilikali, kapena kuti bambo wa timasitolo ndi mdani wa ana. Adzukulu ake omwe amaseŵera pabwalopo. Denga liyenera kufoleredwa ndipo makatekisti ayenera kulandira, ndipo ife amene tikuteteza bwalo tili ndi ngongole yosonyeza kumene ndalama zimenezi zidzachokera. Tilinso ndi ngongole ina yaikulu. Ngati bwalo likhala, sikokwanira kulisiya kwa ana okha ife nkumaonera pa zenera la ofesi. Padzafunika akulu aŵiri kapena atatu odzipereka Lachiŵiri ndi Loŵeruka, wenzulo imodzi, mpira umodzi wachikopa, chidebe cha madzi akumwa, ndi wansembe wosaopa kudetsa nsapato.

Msonkhano udzakumananso Misa yachiŵiri ikatha, Lamulungu loyamba la mwezi wamaŵa. Pakali pano galasi la ku sakristiya lija makolo atatu adasonkherana nkuligula, anyamata aŵiri akuluakulu ndiwo adaliika, ndipo miyala ya golo la kumpoto adaisuntha kuti lisayang'anenso ku zenera.